Nyama za a Chindodo Zaponda Pansi

Lolemba

Sikana, makina ojambulira mapepala, yafika. Mlamu wanga wandibwereka ya ku ofesi ya loji komwe amagwira ntchito, pamodzi ndi laputopu yakale, ndipo wandiuza katatu kuti Lolemba likubwerali azifuna zonse. Masiku asanu ndi awiri. Akwana.

Ndilembe bwinobwino zomwe ndikuchita, kuti mutu ukasokonekera ndi kutentha kwa Okutobala ndizibwerera pano.

A Chindodo anali mkulu wa ku China yemwe ndinamuphikira zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba muno, kuno ku Mnkhanya. Dzina lawo lenileni linatikanika tonse, ndiye tinangowatcha ndi ndodo yomwe ankayendera. Moyo wawo wonse unathera pa zilembo zakale za kwawo, zija makolo awo ankazokota pa mafupa ndi pa zigoba za akamba, nthawi imene chilembo chilichonse chinali chikadali chithunzi cha chinthu. Atapuma ntchito anabwera kuno kuti adzaone ndi maso nyama zomwe ankangoziona m'zilembo. Chilembo chilichonse anachijambula ndi inki pa khadi lakelake, ndi timawu ting'onoting'ono m'mbali. Makhadiwo adzaza thiranki yachitsulo.

Chinyanja chawo chinali cha moni umodzi: mwaswera bwanji. M'mawa kutangocha, mwaswera bwanji. Masana, mwaswera bwanji. Ndinawakonza mpaka ndinatopa.

Anadwala, anabwerera kwawo, anamwalira m'nyengo yozizira. Pokwera galimoto anandisiyira zinthu ziwiri. Ndodo, ati ikhale kuseri kwa chitseko poti abweranso. Thiranki, ati ndiisamale. Ndinavomera ndi pakamwa panga pomwe. Sabata yatha ndatsegula, ndapeza chiswe chalowera pansi pomwe panadyeka ndi dzimbiri.

Mwana wawo wamkazi sangabwere chaka chino. Amandilembera pa foni m'Chingerezi chachifupi. Akuti ndijambule khadi lililonse ndi sikana ndimutumizire, poti kamera ya foni yanga inakalika ndipo imatulutsa nkhungu yokhayokha. Akuti ntchito ya bambo ake ilibe kwina komwe inalembedwa.

Pulani:
– mitolo ya makhadi ilipo isanu ndi iwiri
– tsiku lililonse mtolo umodzi
– madzulo kukwera pa chulu cha kuseri, pomwe netiweki imagwira, n'kutumiza
– osalola aneba anga a Sakala kundiphunzitsa ntchito

Ndamasula mtolo woyamba. Nyama zokhazokha. Koma zonse zaima ndi michira, mutu kumwamba, miyendo kumbali, ngati zikukwera khoma. Zaka makumi atatu ndakhala m'chigwa muno, chichokereni ku Chipata, sindinaonepo galu woyenda choncho. Mwina mkuluyo maso anali atayamba kumuvuta. Ndikuzitembenuza kuti miyendo iponde pansi, mwana wawo asachite manyazi.

Tsiku lonse latha ndikulimbana ndi makina. Batani ili likufuna batani lina, batani linalo likundifunsa mafunso. Pofika madzulo ndajambula khadi limodzi. Galu: wowonda, wa mchira wopiringizika.

Ndatuluka kukataya madzi. Pakhonde pagona galu wowonda, wa mchira wopiringizika. Si wa pano. Ndamuthamangitsa, wangondiyang'ana.

Lachiwiri

Galu akadalipo. Sadya, sauwa. Wagona pomwe pankakhala mpando wa a Chindodo.

Lero mitolo iwiri, kuti ndibweze za dzulo.

Khadi lachiwiri ndi nyani. Wakhala chilili ngati munthu wodikira basi. Ndamugwetsera kutsogolo kuti aponde ndi inayi yonse, ndatseka chivindikiro, kuwala kwayenda pansi pa galasi pang'onopang'ono, nyani watuluka pa laputopu. Wakongola. Ndapita kukhitchini kukamwa madzi, chitseko ndachisiya chotsegula chifukwa m'nyumba muli ngati mu uvuni.

Pobwera ndapeza nyani weniweni pa tebulo.

Ndakuwa. Iye watenga mtolo wachiwiri m'khwapa, watuluka mosathamanga n'komwe, wakwera mumtengo wa msikidzi. Wakhala pa nthambi akumasula. Akutenga khadi, akuliyang'ana, akulinunkhiza, akulitaya. Lina akulilawa kaye. Ndimo momwe a Chindodo ankawerengera, kupatula kulawako.

Ndatola:
– makhadi abwinobwino, ambiri ndithu, koma dongosolo lake lapita
– onyowa ndi malovu, angapo
– odulidwa pakona, atatu
– limodzi lomwe sindinena chomwe chagwerapo

Anyani amabwera pano chaka chilichonse mango akayamba kupsa. Palibe chachilendo. Ndalemba chiganizo chimenechi ndipo ndachiwerenga kawiri.

Madzulo ndakwera pa chulu ndi foni. Zithunzi ziwiri zikungozungulira, sizikupita. Ndaima dzanja lili m'mwamba mpaka phewa lawawa. Galu wakhala pansi pa chulu akuyang'ana kumsewu.

Lachitatu

Pulani yatsopano: ndimalize mtolo woyamba wokha lero, inayo ndiona.

Khadi lachitatu, nkhumba yamimba yaikulu. Ndaipondetsa pansi. Ndajambula.

Lisanathe ola, laputopu yanena kuti moto sukulowa. Ndapita kuseri. Njiri ziwiri zagwada m'dimba langa la repu, zikufukula, ndipo zazula waya wochokera ku sola womwe a Chindodo anaukwirira pansi. Njiri zimabwera kuno, inde. Koma masana dzuwa lili paliwombo?

Ndaitana a Sakala kuti adzalumikize waya. A Sakala ndi aneba anga, Mkunda mtundu wawo, mbadwa ya kuno, anagwira usikauti wolondera nyama zakutchire zaka zambiri mpaka bondo linawakana. Munthu wabwino, koma sangaone chinthu osachifotokoza. Alumikiza waya, kenako alowa m'nyumba popanda wowaitana, aima pa tebulo. Sadziwa Chitchaina ngakhale chilembo chimodzi, koma akuwerenga makhadi ngati mapazi a nyama pamchenga. Uyu galu. Uyu kambuku, onani kukamwa. Iyi mbawala yamphongo. Onse akulondola, ndipo zikundinyansa.

Afunsa kuti ndajambula ati. Ndawaonetsa pa laputopu. Ayang'ana galu wa pa laputopu, ayang'ana galu wa pakhonde. Ayang'ana nkhumba, ayang'ana kudimba. Kenako atenga khadi limodzi la mumtolo, aliimika momwe linalili, aligoneka momwe ndikugonekera ine, aliimikanso.

"Amai, mdala uja sanali wopusa," atero. "Anaziimika ndi michira kuti zisamayende. Imwe mwazipondetsa pansi."

Ndawauza kuti ine ndine wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, zoterozo akauze anzawo ku bawo. Sananditsutse ayi. Angofunsa kuti lotsatira ndi liti. Ndatembenuza khadi lachinayi.

Njoka.

Lero ndalekera pomwepa, chifukwa cha mutu. Ukundiwawa ndithu.

Lachinayi

Ndaganiza bwino. Njoka ilibe miyendo. Palibe chopondetsa pansi. Ndiye khadi limeneli ndi loyesera, ndipo a Sakala achita manyazi.

Pa khadi yaimirira mutu m'mwamba. Ndaigoneka ndi mimba monga njoka iliyonse ya ulemu wake. Ndajambula. Ndadikira, maso ali pakhomo, pazenera, padenga. Palibe. Ndaseka ndekha. Ndapita pa thiranki kuti ndione mitolo ya pansi, ndakweza chivindikiro.

Ili m'menemo. Yadzipinda pamwamba pa mtolo wachitatu, yakuda bii, mutu uli pa makhadi.

Sindikudziwa kuti ndatuluka bwanji. Ndangozindikira ndili kwa a Sakala, patapata imodzi kuphazi, ina kulibe. Abwera, atenga ndodo ya a Chindodo kuseri kwa chitseko, ainyamula njokayo pang'onopang'ono, akaitaya kutchire. Sanaiphe. Akuti mlendo woitanidwa saphedwa. Ndawauza za miyendo, kuti njoka ilibe. Ati miyendo ya njoka ndi mimba yake, ndipo ine ndaigoneka ndi mimba.

Pobweza ndodo aiyang'ana pamutu pake. Akuti ndi yofunda ngati wina anaigwira. Ndati m'nyumba monse muno n'mofunda, ngakhale sipuni.

Nkhani yafika kale ku mjigo. Sindinauze munthu, ndiye mudziwe yemwe wanena. Ndapita kukatunga madzi, amayi onse andipatsa malo kuti ndiyambe ine, chinthu chomwe sichinachitikepo. Pobwerera anditsatira mmodzimmodzi, aliyense ndi pempho lake lonong'ona:
– wina akufuna ndijambule mbuzi, ziwiri ngati zingatheke
– wina nsomba, koma zouma kale
– amake Tisa akufunsa ngati mulibe khadi la mwamuna wantchito
– wina akuti ndifufuze la mvula, ndilijambule Lachisanu, iye akhala atafolera nyumba

Ndawakalipira onse. Koma ndikubisiranji, ndikulemba ndekha: ndafika kunyumba ndafufuza la mbuzi. Sindinalipeze.

Thiranki ndaiyang'anitsitsa tsopano. Chiswe chakwera kuposa sabata yatha. Ukaika khutu pa chitsulo umachimva, kaphokoso kosalekeza ngati mafuta akuyamba kutentha m'poto. Masiku anayi, makhadi anayi. Chiswe chikundiposa liwiro.

Lachisanu

M'mawa kwambiri zithunzi zapita. Yankho labwera ndikadali pa chulu.

Mwana wa a Chindodo akuthokoza, akuti walira poona inki ya bambo ake. Kenako akufunsa mwaulemu chifukwa chake zonse zagona cham'mbali. Akuti makolo awo ankalemba kuchokera pamwamba kutsika pansi m'timizere topapatiza, ndiye nyama yaitali ankaiimika kuti ikwane. Ndi momwe chilembocho chilili. Ndikachigoneka si chilembonso. Akupempha ndibwereze.

Basi! Nkhani yake ndi ya malo, osati ya matsenga. Ndathamangira kwa a Sakala ndi foni, ndawawerengera zonse. Amvetsera mpaka kumapeto, agwedeza mutu.

"Ndiye mwana akuti ziimirire, ine nikuti ziimirire. Tasiyana pati?"

Ndabwerera kunyumba.

Ndayala mphasa ziwiri pabwalo, ndayanika makhadi a mumtolo wachitatu ndi wachinayi padzuwa kuti chiswe chithawe, timiyala pamwamba. Ndabwerera pa tebulo. Khadi lachisanu ndalidziwa ndisanalitembenuze bwino. Chitamba chachitali, mimba, mchira wa nthambi.

Ndakhala nalo m'manja nthawi yaitali. A Chindodo ankalikonda. Ankati kalekale kwawo kunali njovu, zinatha, chinatsala ndi chilembo chokha. Tsiku lomwe anaona njovu yoyamba kuseri kwa nyumba ino anagwetsa kapu, anaima pazenera, kenako anaipatsa moni. Mwaswera bwanji.

Ndaliika pa galasi choimirira, chitamba kumwamba, monga wanenera mwana, monga anenera a Sakala. Ndayang'ana katatu. Ndatseka. Kuwala kwayenda.

Pa laputopu njovu yatuluka itaponda pansi ndi miyendo.

Ndaimbira mlamu. Waseka. Akuti makinawo nthawi zina amatembenuza okha chithunzi akaganiza kuti chapendekeka, pali pomwe umazimitsa. Ndamufunsa kuti makina aku ofesi adziwa bwanji momwe njovu imaimira. Wati ali ndi alendo, aimbanso.

A Sakala angoyang'ana dzuwa n'kunena kuti zifika fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana.

Njovu zafika nthawiyo itangopitirira pang'ono. Zinayi, ndi kamwana. Sizinamveke n'komwe, ndangoona kuwala kwa pazenera kwatsekeka. Anthu ayamba kumenya zitini kutali, koma izo sizikusamala. Zikuthyola mango anga osapsa. Yaikulu, yaikazi, yasiya zinzake yabwera pabwalo pomwe pali mphasa. Ine pazenera, ndikuona ntchito ya munthu ya moyo wonse ili pansi pa phazi limenelo.

Yadutsa pakati pa mphasa ziwirizo. Sinaponde khadi ngakhale limodzi. Yatsitsa chitamba, yanunkhiza mzere wonse kuyambira uku mpaka uko, yaima pang'ono. Kenako potembenuka yakhula thako pa mtengo womwe panali sola.

Sola ili pansi, galasi lake lili mbee ngati mchere.

Galu sanadzuke n'komwe.

Loweruka

Moto kulibe. Laputopu yatsala ndi kamzere kamodzi kofiira. Mlamu akuti kangakwane kujambula kamodzi, mwina kawiri, ndipo akufunsa ngati sikana yake ili bwino. Sanafunse ngati ine ndili bwino.

Popeza sindingajambule, ndati nditulutse zonse m'thiranki ndione chomwe chatsala. Mtolo wachisanu watuluka, wadyeka m'mbali mokha. Wachisanu ndi chimodzi watuluka theka. Wachisanu ndi chiwiri ukuoneka bwinobwino, chingwe chake chili chomangidwa momwe anamangira eni ake. Ndaugwira. Zala zalowa m'kati. Ndi dothi lokhalokha, chiswe chinangosiya chikopa cha pamwamba.

Ndakhala pansi ndalira. Osati kulira kwa ulemu kwa pamaliro, koma kwenikweni, kwa mamina. Munthu uja ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kujambula kachilembo kamodzi, kukafufuta, kukajambulanso. Ine ndinkamuseka mumtima kuti mkulu wonseyu akusewera ngati mwana wa giredi wani. Anandipempha chinthu chimodzi. Thirankiyo ndinaikankhira pakona, pa simenti yong'aluka, miyezi yonseyi osaitsegula, chifukwa ndinkaopa kuona zolemba za munthu wakufa.

Ndakwera pa chulu, ndamuuza mwana wawo zonse, osachotsera. Chiswe, nyani, sola. Za miyendo sindinanene. Iye walemba kuti zotsalazo ndiziike mouma, motsekeka, adzazitenga yekha akadzatha kubwera. Akuti ngati pali mwayi wojambula limodzi lokha, ndimujambulire lomaliza la mumtolo woyamba. Bambo ake anamuuza za khadilo ali m'chipatala. Akuti chilembocho chimatanthauza ukalamba.

Ndatsika, ndalitulutsa pansi pa mtolo.

Si nyama. Ndi munthu wowerama msana, tsitsi lalitali lili nyankhalala, dzanja lili kutsogolo litagwira ndodo.

A Sakala anali atabwera kudzaona sola, ndinali nditawapatsa tiyi. Ndawaonetsa. Ayang'ana khadi, ayang'ana kuseri kwa chitseko. Alitembenuza uku, alitembenuza uku, kufuna poliimika kuti lisayende. Palibe. Nyama zonse zija zinali ndi michira yoimikira. Uyu anajambulidwa ataponda kale pansi.

Aika kapu pa tebulo, tiyi ali theka. Akuti akumbukira kuti mawa ali ndi ulendo wa ku Msoro, kwa mlongo wawo, ndipo mwina agona konko.

Ndatembenuza khadilo kuseri. Sindinaganizepo zoyang'ana kuseri kwa makhadi sabata yonseyi. Pali mawu a pensulo, m'zilembo zathu, zokhotakhota. Ndatenga ena aja. Kuseri kwa loyamba: galu. Lachiwiri: nyani. Njoka. Njovu. Ndine ndinawaphunzitsa mawu amenewa, akundifunsa ndili kalikiliki ndi mapoto, ine n'kumayankha mothamanga kuti andichoke.

Kuseri kwa lomalizali analemba kuti: ine.

Lamulungu

Ndapita ku tchalitchi. Benchi yonse ndinali ndekha, mpweya wabwino. Potuluka amake Tisa andinong'oneza kuti za mwamuna zija ndisaiwale.

Makhadi otsala ndawaika m'mabaketi atatu a zivindikiro, ndathiramo masamba a nimu, ndakweza pa tebulo, miyendo ya tebulo ndaiika m'zitini za madzi. Nzeru zonsezi zikubwera lero. M'mwezi wa Juni zinali kuti?

Zotsatira za sabata, pa mitolo isanu ndi iwiri:
– makhadi ojambulidwa, asanu
– mwa amenewo ogona cham'mbali, asanu
– sola, palibe
– repu, palibe
– galu, mmodzi

Ndayatsa laputopu. Kamzere kofiira kakuphethira. Ndaika mkulu wa ndodo pa galasi. Palibe chotembenuza, palibe chokonza. Kuwala kwayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse, ndimati kuthera panjira, koma kwafika. Ndatembenuza khadi msangamsanga, ndajambulanso kuseri. Ndasamutsira pa foni. Laputopu yazima ndisanachotse chingwe.

Pa chulu zapita ulendo umodzi, osazungulira.

Mwana wawo wayankha nthawi yomweyo. Akuti ili lokha ndiye laima bwino. Akuti zonse za kutsogolo akuziwerenga, koma zilembo zitatu za kuserizo sakuzidziwa, kodi ndi dzina la nyama? Ndaima pa chulu dzuwa likundiwotcha, ndikufuna mawu a Chingerezi. Munthu wophunzira chonchija, wodziwa zilembo za pa mafupa, akufunsa ine wophika. Ndamulembera tanthauzo lake. Sanayankhenso, ndipo sindikumudandaula.

Kwa a Sakala kwatsekedwa. Apitadi.

Ndiye ndatsala ndekha ndi zomwe ndachita. Mantha ndili nawo, sindikana. Koma ndaganiza kuti ngati galu anabwera, nyani anabwera, njovu inabwera, uyu sangabwere n'kupeza pakhomo pali bwalala. Ndasesa bwalo lonse mpaka kumsewu, kuti chilichonse chodutsa chisiye mapazi. Ndatulutsa mpando wawo pakhonde. Ndawiritsa madzi, ndathira m'kapu yawo opanda shuga, opanda mkaka, momwe ankamwera. Ndodo ndaitsamiritsa pa mpando. Mabaketi ndawaika poonekera, kuti aone okha zomwe zapulumuka. Za mtolo wachisanu ndi chiwiri ndiwauza ndekha, asamve kwa anthu.

Ndakhala pa sitepe ndi kabuku kano. Dzuwa lapendeka. Kulibe mphepo.

Galu wadzuka. Sabata yonse sanagwedezepo mchira kwa munthu. Watsika pakhonde, wayenda mpaka pakati pa bwalo, waima moyang'ana kumsewu, akugwedeza mchira pang'onopang'ono. Kumsewu kulibe munthu. Pabwalo pali mapazi a galu okha.

Ndayankha kuti ndaswera bwino, kaya iwo.